Mtengo wa Matenda a Mgonagona Tiuwerengere Mpaka M'thumba la Wodwala

Akonzi,

Ndikupempha danga m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhulepo pa nkhani ya ndalama zimene dziko lathu limaika pa ntchito yopewa matenda a mgonagona, makamaka kuthamanga kwa magazi, shuga, matenda a mtima ndi a impso. Nkhaniyi ikafika pamsonkhano uliwonse wa zaumoyo, sipalephera kuimirira munthu wokumbutsa anzake kuti kupewa kuposa kuchiza, ndipo palibe amene amatsutsa. Koma mawu amenewa, ngakhale ali oona, sauza mkulu wa zaumoyo m'boma ngati ndalama zochepa zimene wapatsidwa agulire makina oyezera BP m'zipatala zing'onozing'ono, kapena athire mafuta mu ambulansi yonyamula amayi oyembekezera, kapenanso awonjezere mankhwala a malungo dzinja lisanafike. Kuti asankhe bwino ayenera kukhala ndi chiwerengero m'manja, ndipo chiwerengero chimenecho sichipezeka pongotsegula mabuku a chaka chatha, popeza phindu la kupewa matenda limaoneka patapita zaka khumi kapena makumi awiri. N'chifukwa chake akatswiri a zachuma m'gawo la zaumoyo amagwiritsa ntchito masamu oyerekezera a pakompyuta. Ine njira imeneyi ndikugwirizana nayo ndi mtima wonse, koma ndili ndi nkhawa imodzi yaikulu: masamuwa akangowerengera ndalama zotuluka m'thumba la boma n'kusiya zotuluka m'thumba la wodwala ndi abale ake, adzatipatsa yankho lopotoka, ndipo tidzalikhulupirira chifukwa chakuti lachokera m'kompyuta.

Kagwiridwe ntchito ka masamuwa n'kosavuta kumva. Mlimi wanzeru akakolola amawerenga matumba amene ali nawo ndi pakamwa pamene payenera kudya, n'kudziwiratu mwezi umene chimanga chidzathe akachisiya choncho, ndi mwezi umene chidzathe akawonongako kandalama kugula mankhwala a anankafumbwe. Akatswiri nawo amatenga gulu la anthu ongoyerekezera, tinene anthu 1,000 a zaka 40 amene magazi awo akuthamanga, n'kuliyendetsa m'kompyuta chaka ndi chaka mpaka womaliza atamwalira. Chaka chilichonse ena amakhalabe bwinobwino, ena amagwidwa ndi sitiroko n'kufa ziwalo, ena mtima umafooka miyendo n'kuyamba kutupa, ena impso zimasiya kusefa magazi, ndipo chiopsezo chakuti munthu achoke pa gawo lina n'kugwera pa lina chimatengedwa ku kafukufuku amene anatsatira odwala enieni kwa zaka zambiri. Pa gawo lililonse amaikapo mtengo wake: mapiritsi a mwezi, nthawi ya namwino, masiku ogona muwodi, kupima magazi. Akamaliza amabwereza ulendo wonsewo ndi gulu lomwelo, koma ulendo uno anthuwo ayezedwa msanga ndipo akumwa mankhwala. Kusiyana kwa maulendo awiriwa ndiko kumaonetsa ndalama zimene ziwonjezereke, ndi zaka za moyo wathanzi zimene zipulumutsidwe, zomwe m'mapepala awo amazilemba kuti DALY.

Chosangalatsa n'chakuti pa nkhani imeneyi Malawi sali m'mbuyo. Kuyambira mu 2017, Unduna wa Zaumoyo ndi sukulu yathu ya udokotala ya ku Blantyre, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, akhala akugwira ntchito limodzi ndi University of York, Imperial College London ndi University College London pa ntchito yotchedwa Thanzi la Onse. Iwo anapanga pulogalamu imene imayerekezera moyo wa Amalawi mmodzimmodzi, kubadwa, kudwala matenda osiyanasiyana, kupita kuchipatala kapena kusapita, ndipo imawerengeranso ngati pachipatalapo pali wachipatala wokhala ndi nthawi, bedi ndi mankhwala. Ndi mayiko ochepa amene ali ndi chida chotere. Kafukufuku wina amene anafalitsidwa mu 2018, wothandiza Unduna kusankha chithandizo chimene boma lingathe kupereka kwa aliyense, anagwiritsa ntchito mlingo wa madola 61 a ku America pa chaka chimodzi cha moyo wathanzi. Tanthauzo lake ndi lakuti ntchito ina iliyonse imene ikudya ndalama zoposa pamenepa kuti ipulumutse chaka chimodzi, ikulanda ndalama zimene zikanapulumutsa zaka zochuluka kwina. Ku England, kwa zaka zambiri, mlingo wofanana ndi umenewu unali pakati pa mapaundi 20,000 ndi 30,000. Munthu akaona kusiyana kumeneku mtima umawawa, koma dziko limene limawononga pafupifupi madola 40 okha pa munthu aliyense pachaka pa zaumoyo, ndipo oposa theka akuchokera kwa mayiko ndi mabungwe otithandiza, silingachitire mwina koma kuwerengera tambala iliyonse.

Pamene mlingo uli wotsika chonchi m'pamene zimene zasiyidwa kunja kwa masamu zimakhala zoopsa, ndipo apa ndipo pagona nkhani yanga. Azakhali anga anauzidwa kuchipatala kuti magazi awo akuthamanga, anawalembera m'buku lawo la kuchipatala, n'kuwapatsa timapiritsi toti azimwa m'mawa uliwonse. Poyamba ankapita mokhulupirika pa tsiku limene awalembera, akulipira kabaza popita ndi pobwera, n'kukhala pabenchi kuyambira dzuwa lisanatuluke. Atauzidwa maulendo angapo kuti mankhwala atha akagule kufamase, anaona kuti akungotaya ndalama ya mchere ndi sopo, poti m'thupi sankamva kupweteka kulikonse, ndipo anasiya. Sitiroko inawapeza m'nyengo yopalira. Mwana wawo wamkazi anasiya khasu m'munda n'kukakhala gadiyani kuchipatala cha boma, akugona pansi, akuphika ndi nkhuni zogula, akuwatembenuza mayi ake usiku kuti asachite zilonda. Atatulutsidwa, dzanja ndi mwendo wa kumanja zinali zosagwira ntchito, pakamwa patapotoka. Mbuzi zinagulitsidwa kuti alipire galimoto yowabweretsa kumudzi, munda unadyedwa ndi udzu, ndipo mdzukulu amene anali kusekondale anayamba kujomba kuti aziwasambitsa ndi kuwadyetsa phala.

Tsopano tifunse kuti m'mabuku a boma sitiroko imeneyi inadya ndalama zingati. Yankho ndi lakuti zochepa kwambiri: masiku owerengeka pabedi, madiripi, mapiritsi, ndi nthawi ya dokotala pozungulira muwodi. Kuchokera tsiku limene anatuluka, mtengo wawo m'mabukumo unatsika n'kufika pafupifupi pa ziro, osati chifukwa chakuti anachira, koma chifukwa chakuti katundu yense anasamukira pamutu pa banja. Ku mayiko olemera, munthu wogwidwa ndi sitiroko amajambulidwa mutu ndi makina, amaphunzitsidwanso kuyenda ndi kulankhula kwa miyezi, ena amasungidwa m'nyumba zosamalira odwala kwa zaka, ndipo zonsezi zimalowa m'masamu monga ndalama zimene zikanapulumuka munthuyo akanamwa mankhwala a BP. Kwathu kuno chithandizo choterechi chimafikira anthu ochepa, choncho masamu ongoyang'ana thumba la boma amaona ngati sitiroko ndi matenda otchipa, n'kutsitsa phindu la kuipewa. Chimodzimodzi ndi impso. Makina osefa magazi a boma amadziwika ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, ndipo wodwala amayenera kufikako kangapo pa sabata moyo wake wonse. Munthu wa ku Chitipa kapena wa ku Nsanje amene impso zake zafa chifukwa cha shuga, n'kulephera kusamukira m'tauni, amamwalirira kunyumba, ndipo m'buku la ndalama za boma imfa yakeyo siioneka. Umphawi wathu womwewo umachititsa kuti kupewa kuoneke ngati kulibe phindu lalikulu, ndipo tikapanda kusamala tidzaugwiritsa ntchito monga chifukwa chosaikirapo ndalama.

Ndikudziwa zimene akatswiri angayankhe, ndipo yankho lawo n'lomveka. Adzanena kuti zaka za moyo wathanzi zimene wodwala wataya amaziwerengera kale, ndiponso kuti Unduna umagawa ndalama zimene uli nazo, osati mbuzi za anthu kumudzi, kotero kuti kusakaniza ziwirizi kungasokoneze chisankho. Sindikupempha kuti azisakanize. Ndikupempha kuti lipoti lililonse lizikhala ndi mizere iwiri yoyandikana, wina wosonyeza zimene boma liwononge kapena kupulumutsa, wina wosonyeza zimene mabanja awononge kapena kupulumutsa: thiransipoti, mankhwala ogula paokha, malipiro a kuzipatala za mishoni kumene kulibe chipatala cha boma pafupi, masiku a ntchito a wodwala ndi a womudwazika, ndi ana osiya sukulu. Mzere wachiwiriwu ndi umene ungasonyeze, mwachitsanzo, kuti kupereka mankhwala a BP a miyezi itatu nthawi imodzi, kapena kuwafikitsa kumudzi kudzera mwa alangizi a zaumoyo, kungaoneke kodulirapo pang'ono ku boma koma kukhala kopepukitsa kwambiri kwa wodwala, ndipo wodwala wopepukidwa ndi amene sasiya mankhwala.

Pali chinthu china chimene ife okonda ntchito yopewa matenda tiyenera kuvomereza poyera, chifukwa tikachibisa tidzataya chikhulupiriro cha a ku Unduna wa Zachuma. Si zoona kuti kupewa nthawi zonse kumapulumutsa ndalama. Akatswiri a ku America amene anaunika mazana a kafukufuku n'kulemba m'magazini ya New England Journal of Medicine mu 2008 anapeza kuti njira zambiri zopewera matenda zimawonjezera ndalama zowonongedwa, ngakhale kuti zambiri mwa izo zimabweretsa thanzi pa mtengo woyenera. Chifukwa chake n'chakuti umayenera kuyeza ndi kupatsa mankhwala anthu ochuluka kwa zaka zambiri kuti upewe sitiroko mwa ochepa. Chaka chomwecho ofufuza a ku Netherlands anasonyeza kuti, ukawerengera moyo wonse, anthu osasuta ndi osanenepa kwambiri amadya ndalama za chipatala zochuluka kuposa osuta, popeza amakhala ndi moyo nthawi yaitali n'kudzadwala matenda a ukalamba. Palibe munthu wanzeru amene angamve zimenezi n'kunena kuti ndi bwino anthu azifa msanga. Phunziro lake ndi lakuti tikamapempha ndalama tizinena chilungamo kuti tikugula zaka za moyo wa makolo athu pa mtengo wakutiwakuti, m'malo molonjeza kuti ndalamazo zidzabwerera m'thumba la boma. Njira zimene zimatchipa zedi zilipo, ndipo bungwe la WHO linawerengera mu 2018 kuti mayiko osauka akawonjezera madola 1.27 pa munthu pachaka pa njira zosankhidwa bwino, monga misonkho ya fodya ndi mowa, kuchepetsa mchere ndi kuthandiza anthu amene ali pachiopsezo chachikulu cha matenda a mtima, dola iliyonse ingabweze madola osachepera 7 pofika mu 2030. Koma tione bwino kuti phindu limeneli likuchokera kwambiri ku anthu opitiriza kugwira ntchito ndi kupeza chuma, umene uli mzere wachiwiri uja.

Masamu amabereka molingana ndi zimene awadyetsa, ndipo ziwerengero zathu zimasiyana kwambiri. Kafukufuku wa dziko lonse wotchedwa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi anthu 33 mwa 100 alionse a zaka za pakati pa 25 ndi 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo oposa 5 mwa 100 anali ndi shuga. Kafukufuku wa bungwe lofufuza za matenda la MEIRU, amene anayeza anthu oposa 28,000 a zaka 18 kupita m'tsogolo ku Karonga ndi ku Area 25 mu Lilongwe n'kufalitsidwa mu 2018, anapeza BP mwa anthu a pakati pa 13 ndi 16 mwa 100, ndi shuga mwa 2 kapena 3. Mbali ina ya kusiyanaku ikuchokera pa misinkhu ya anthu oyezedwa ndi kayezedwe kake, koma wokonza bajeti amene watenga nambala yoyamba adzaitanitsa mankhwala ochuluka kuwirikiza poyerekeza ndi amene watenga yachiwiri. Lipoti loona mtima liyenera kuonetsa zotsatira za nambala zonse ziwiri, n'kunena ngati chisankho chikusintha kapena ayi. Pamene kafukufuku yense akugwirizana ndi pakuti anthu ambiri amene ali ndi BP sadziwa n'komwe kuti ali nayo.

Tisamalenso ndi ziwerengero zobwereka. Kafukufuku wotchuka wa Diabetes Prevention Program ku America, amene anatsatira anthu 3,234 n'kutulutsa zotsatira mu 2002, anapeza kuti kusintha kadyedwe, kuchepetsa thupi ndi kuchita masewera olimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata kunachepetsa odwala shuga ndi 58 pa 100, pamene mankhwala a metformin anachepetsa ndi 31 pa 100. Nambala zimenezi n'zokopa, ndipo n'kosavuta kuzilowetsa m'kompyuta ngati kuti zingachitikenso ku Dedza. Koma anthu a m'kafukufukuyo anali onenepa kwambiri, ndipo aliyense anali ndi mlangizi womutsatira. Mayi wa kumudzi amene amalima m'mawa, kutunga madzi ndi kusenza nkhuni, mphindi 150 amazikwanitsa tsiku limodzi, ndipo odwala shuga ambiri amene timawaona kwathu kuno si onenepa. Nkhani ya mchere ilinso chimodzimodzi. Dziko la South Africa linakhazikitsa malire a mchere mu buledi ndi zakudya zina za m'mafakitale kuyambira mu 2016, ndipo kumeneko n'zomveka chifukwa anthu amadya kwambiri zogula m'sitolo. Kwa ife mchere wambiri umalowa mumphika wa ndiwo ndi dzanja la wophika, winanso n'kuwonjezeredwa pambale, choncho lamulo la m'fakitale silingatsitse BP mofanana, ndipo masamu athu ayenera kuwerengera mtengo wophunzitsa mabanja khomo ndi khomo kuti munthu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku monga WHO imalangizira.

Mtengo wa mankhwala nawo suima malo amodzi. Pafupifupi mankhwala onse a BP ndi shuga timagula kunja ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu May 2022, kenaka ndi 44 pa 100 mu November 2023, bajeti yomweyo inayamba kugula mapiritsi ochepa. Masamu amene amaganiza kuti wodwala aliyense adzapeza mankhwala mwezi uliwonse kwa zaka makumi awiri akufotokoza dziko limene sitikukhalamo. Ntchito yoyeza anthu m'misika ndi m'matchalitchi imaoneka yokongola pazithunzi, koma ngati munthu wauzidwa kuti ali ndi BP n'kukapeza shelefu yopanda kanthu, boma lawononga ndalama zoyezera ndipo silinapewe sitiroko ngakhale imodzi. Ndikadakonda kuona masamu akuyerekeza njira ziwiri izi poyera: kuika ndalama pa kupeza odwala atsopano, kapena kuika ndalama zomwezo pa kuonetsetsa kuti amene apezeka kale sakusowa mankhwala ndipo makina oyezera ali ndi mabatire. Ine ndikukhulupirira kuti njira yachiwiri ndi imene iyenera kutsogola.

Pa za nthawi ndinenepo mwachidule. Akatswiri amachepetsa mtengo wa phindu la m'tsogolo, kawirikawiri ndi 3 pa 100 chaka chilichonse, ndipo izi zimapondereza ntchito zopewa chifukwa ndalama zimatuluka lero pamene phindu limachedwa. Ku Da Qing m'dziko la China, anthu 577 amene shuga wawo anali atayamba kukwera analowa m'kafukufuku mu 1986, ena mwa iwo n'kulangizidwa za kadyedwe ndi kulimbitsa thupi kwa zaka 6 zokha, koma patapita zaka 30 ofufuza anapeza kuti olangizidwawo anachedwa kudwala shuga ndi pafupifupi zaka 4 ndipo anakhala ndi moyo nthawi yotalikirapo. Masamu odulidwa pa zaka zisanu, zimene ndi nthawi ya phungu m'Nyumba ya Malamulo, sakanaona mbali yaikulu ya phindu limeneli.

Ziwerengero zenizeni za kwathu tili ndi pozitenga. Ku Neno, boma mogwirizana ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo linaphatikiza kiliniki ya ma ARV ndi ya BP, shuga, mphumu ndi khunyu kuti wodwala azithandizidwa pa ulendo umodzi, ndipo boma la Neno ndi limodzi mwa malo amene anayambirira ndondomeko ya PEN-Plus yosamalira matenda aakulu monga shuga wofuna jakisoni wa insulin, imene nduna za zaumoyo za mu Africa zinavomereza ku Lomé m'dziko la Togo mu 2022. Malo otere angatiuze mtengo weniweni wosunga wodwala mmodzi pa mankhwala chaka chathunthu, ndi chiwerengero cha amene amasiya panjira. Komanso dziko lino lakhala likupereka ma ARV aulere kuyambira mu 2004, ndipo linaphunzira kulemba wodwala aliyense pakhadi, kumutsatira akajomba, ndi kuwerengera mankhwala a miyezi ya m'tsogolo. Anthu ambiri amene ma ARV anawapulumutsa tsopano akukalamba ndipo akupezeka ndi BP, kotero kuti kusiya matenda amenewa kunja kwa dongosolo lomwelo n'kutaya zimene tinapindula movutikira, makamaka pano pamene thandizo la ku America linagwedezeka kumayambiriro kwa 2025.

Pempho langa kwa a Unduna wa Zaumoyo ndi akatswiri a ku Kamuzu University of Health Sciences ndi lakuti zotsatira za masamuwa zisamathere m'magazini a kunja. Azizipereka ku komiti ya zaumoyo ya Nyumba ya Malamulo bajeti isanakambidwe, zili ndi mizere iwiri ija, ndipo tsamba limodzi lachidule lizilembedwa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka kuti makhonsolo, mafumu ndi makomiti a pazipatala azitha kufunsa mafunso. Kwa inu akonzi, ndikupempha kuti atolankhani anu akamva mkulu wina akulengeza ntchito yatsopano yoyeza anthu BP kapena shuga, azimufunsa kuti mankhwala a anthu amene apezeke ndi matendawo awerengeredwa kwa zaka zingati, ndalama zake zili pa mzere uti wa bajeti, ndipo wodwala wa kumudzi adzalipira zingati pa ulendo uliwonse kuti akawatenge.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu,
Ntcheu